Chimanga Ndi Chanu, Nanga Nkhokwe?

Aphunzitsi anzanga, taganizirani kumene kuli ntchito imene mwaikhetsera thukuta zaka zonsezi: mindandanda ya mawu, mayeso, nthano zimene munajambula kwa agogo. Mukati "zili pa cloud", ndiye kuti zili pa kompyuta ya kampani ina, mwinanso kutsidya kwa nyanja. Chimanga ndi chanu, koma nkhokwe ndi ya eni.

Mu 1983 Richard Stallman anayambitsa ntchito ya GNU, yopanga mapulogalamu opatsa munthu ufulu wa mitundu inayi: kugwiritsa ntchito pulogalamu mmene akufunira, kuona mmene inalembedwera n'kuisintha, kugawira anzake, ndiponso kugawa yosinthayo. Ufulu umenewu umatheka pulogalamu ikakhala m'makina anu. Koma mbali yaikulu ya Google Docs imayenda pa makompyuta a Google. Simungaiunike kapena kuisintha, ndipo eni ake akafuna kuitseka sakufunsani.

Izi si nkhambakamwa. Mu 2013 Google inatseka Google Reader anthu akuikondabe. Mu Okutobala 2019 Adobe inalengeza kuti itseka maakaunti a anthu a ku Venezuela chifukwa cha lamulo la boma la America. Pambuyo pake inabweza ganizoli, koma anthu anali ataona kale kuti zida zawo zogwirira ntchito zingalandidwe pa nkhani ya ndale imene iwo siikuwakhudza.

Ife ophunzitsa zilankhulo nkhaniyi imatipweteka pena. Kampani ikaona kuti chilankhulo chanu chilibe phindu, mudzadikira mpaka kalekale kuti pulogalamu yake isiye kudula mzere wofiira pansi pa mawu anu. Pamene ndi LibreOffice, aphunzitsi angathe kudzikonzera okha mtanthauziramawu woona kalembedwe n'kugawana. Moodle nayo sukulu ingaiike pa seva yakeyake.

Ine cloud ndimaigwiritsabe ntchito. Popanda iyo, mnzanga wa ku Chipata ndi wa ku Tete sitikanalembera limodzi phunziro tsiku limodzi. Koma ndili ndi lamulo: mwezi ukatha ndimakopera zonse pa kompyuta yanga ndi pa fulashi, m'mafayilo otseguka ndi pulogalamu iliyonse, monga ODT kapena TXT.

Musanauze ophunzira anu kuti alembetse pa pulogalamu yatsopano, funsani mafunso awiri: kodi ndingatulutsemo ntchito yanga yonse? Nanga itatsekedwa mawa, tiphunzira bwanji? Paja akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.