Nkhokwe Ziwiri za Mawu a Agogo

Kwathu kwa Dzoole ndimajambula nthano za agogo, pakuti zolemba sizisunga kamvekedwe kosiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Mawuwo ndimawasunga mu kompyuta ya ma hard drive awiri a 1TB. Achimwene ankafuna tiwalumikize kuti malo akhale 2TB, tidzazemo mafilimu. Ine ndinasankha RAID 1: chilichonse cholowa mu imodzi chimalowanso mu inzake. Malo atsala 1TB yokha, komabe imodzi ikafa, inzakeyo imakhala nazo zonse. Poti mphenzi ingathe kupsereza onse awiri, ndinasiyanso zojambulazo pa hard drive yachitatu kwa azakhali. Filimu ikatayika tikaipeza ku Mponela. Nanga mawu a agogo tingakawagule kuti?