Chigoli cha Gabadinho ndi Bambo Anga

Bambo anga atadwala sitiroko, anatha miyezi itatu osatulutsa mawu omveka. Usiku wa pa 25 Januwale 2022 tinawakhazika pabalaza kwathu ku Katawa kuti aonere nafe Flames ikusewera ndi Morocco ku Cameroon. Kanali koyamba kuti Malawi idutse m'magulu pa mpikisano wa AFCON.

Pa mphindi ya 7, Gabadinho Mhango anaumenya mpira ali kutali kwambiri, n'kudutsa pamwamba pa goloboyi Bounou. Katawa yense anakuwa. Bambo anandifinya dzanja n'kunena momveka kuti, "Gaba!"

Tinagonja 2-1, Hakimi atamwetsa chigoli chachiwiri. Amayi anagwetsa misozi, koma sikuti ankalirira kugonjako ayi. Kuyambira tsiku limenelo tinasiya kuwasiya Bambo okha kuchipinda. Madzulo aliwonse amakhala nafe pabalaza.