Phiri Lobadwa m'Munda wa Cimanga

Kutsidya kwa nyanja yaikuru ya mcere, ca kumadzulo, kuli dziko lochedwa Mexico. Kumeneko ndiko kumene anthu anayamba kulima cimanga kale lomwe, mbeu yace isanafike ku Afrika. Anthu a dziko limenelo amadya cimanga tsiku ndi tsiku monga anthu a kuno, koma saphika nsima. Amakanda ufa, naoca timikate topyapyala pa phale.

M'cigawo ca Michoacán, pakati pa mapiri a mitengo ya paini, munali midzi iwiri yoyandikana, wina Parícutin, wina San Juan Parangaricutiro. M'mudzi woyambawo munali mlimi dzina lace Dionisio Pulido, ndi m'mudzi waciwiriwo munali mlimi wina dzina lace Celedonio Gutiérrez. Onse awiri anali anthu wamba, odziwa khasu ndi ng'ombe zolimira. Nkhani ino iri ya anthu awiri amenewa, ndi ya phiri limene linawalanda zao.

Kuciyambi kwa mwezi wa Febuluwale, caka ca 1943, dziko linayamba kugwedezeka. Akuru amati cakudza siciimba ng'oma, koma ici cinaimba. Masabata awiri anthu anamva kugunda pansi pa nthaka monga bingu, cinkana kumwamba kunalibe mtambo. Zibvomezi zinacuruka tsiku ndi tsiku, makoma a nyumba nang'aluka, ndipo panalibe wodziwa tanthauzo lace.

Pa 20 Febuluwale Dionisio anapita kumunda ndi mkazi wace Paula kukasosa ndi kutentha zinyalala, pakuti nyengo yobzala inayandikira. M'munda umenewo munali kadzenje kakale kamene anthu anakadziwa zaka zambiri. Dzuwa litapendeka anamva kugunda kwakukuru, mitengo nigwedezeka. Poceuka anaona kuti nthaka yang'ambika pafupi ndi kadzenje kaja, ndi kuti yatupa, nikwera kuposa msinkhu wa munthu. Mu mng'alumo munaturuka utsi ndi phulusa losalala, pamodzi ndi mluzu wosaleka ndi pfungo la sulfure, lonunkha ngati dzira loola. Dionisio anagwidwa ndi mantha akuru, nathawira kumudzi.

Madzulo omwewo amuna ena a ku San Juan anapita kukaona, napeza dzenje likuponya miyala yofiira. Atabwera anafotokozera akuru a mudzi ndi wansembe. M'nyumba ya chalici munali buku lonena za Vesuvius, phiri la moto la ku Italy. Powerenga m'bukumo, ndi kulinganiza mau ace ndi zimene anaziona, anazindikira kuti m'munda wa mnzao mwabadwa phiri la moto. Taonani, ana inu: munthu wina wa kutali analemba zimene zinaoneka ku Italy, ndipo zolemba zacezo zinatsegula maso a alimi a ku Mexico usiku wa mantha ao.

M'mawa mwace Dionisio anabwerera kumunda, napeza culu cakuda cotalika ngati mamita 10, ndiko kuposa nyumba ziwiri zosanjikizana. Pakutha sabata cinapitirira mamita 100, ndipo pakutha caka cinafika mamita 336. Munda wonse unakwiririka pansi pa phiri limene anthu analicha Parícutin, dzina la mudzi uja.

Kodi moto umenewu ucokera kuti? Pansi pa nthaka, kutali ndithu, kuli kutentha koopsa, kotero kuti m'malo mwina miyala imasungunuka monga citsulo m'ng'anjo. M'mwala wosungunukawo muli nthunzi ya madzi ndi mipweya yina yotsekeredwa. Mwalawo ukapeza mng'alu umakwera, ndipo pofika kumtunda mpweya uja umathawa ndi mphamvu, nuwaza mwalawo m'mwamba, monga phala la pamoto lithobvoka ndi kuthovukira kunja kwa mphika. Zidutswa zazikuru zimagwa pafupi ndi dzenje, niziunjikana. Ndimo m'mene phiri likulira. Zosalala zimauluka ndi mphepo, ndizo phulusa. Phulusa limeneli siliri ngati la nkhuni. Liri mwala woperapera, lolemera ndi lokanda. Mwala wina wosungunuka umaturukira m'tsinde mwa phiri, nuyenda pansi. Umenewo ndiwo ciphalaphala.

Mbiri inamveka msanga, ndipo akatswiri a miyala anafika. Mmodzi wa oyamba anali Ezequiel Ordóñez, nkhalamba ya ku Mexico komweko. Anafikanso Jenaro González Reyna, ndi William Foshag wa ku Smithsonian Institution m'mzinda wa Washington. Anthu awa anakondwa pamene ena anali kulira, si cifukwa ca kuuma mtima ai, koma popeza mapiri a moto ambiri anabadwa kale pasanakhale wolemba, ndipo tsopano anapeza mpata wa kuona limodzi kuyambira ukhanda wace.

Nchito yao sinali ya m'nyumba. Anamanga tinyumba ta matabwa pa zitunda zopenyana ndi phirilo, nagona momwemo, phulusa likugwera m'cakudya cao. Anayesa msinkhu wa phiri kawiri kawiri. Anaika zizindikiro patsogolo pa ciphalaphala, kuti adziwe mamita amene cayenda pa tsiku, najambula pa mapu malo onse amene cakwirira. Anayesa kutentha kwace, napeza kuti kuposa madigiri 1,000, pamene madzi abwadamuka pa madigiri 100 okha. Anakumba maenje m'minda kuyesa kuya kwa phulusa, natola miyala ndi mpweya m'mabotolo kukaziyesa kwao.

Koma akatswiri anali alendo. Anabwera, nakhala masabata kapena miyezi, nabwerera ku nchito zao zina. Ndipo phiri silinaleka kuphulika podikira kuti abwerenso. Panafunika munthu wokhala pomwepo masiku onse. Munthu ameneyo ndiye Celedonio Gutiérrez. Iye sanaphunzire sukulu zapamwamba, koma anadziwa kulemba ndi kuwerenga, anadziwa njira zonse za m'mapirimo, ndipo anali ndi maso openyetsa. Analemba m'buku lace zimene zinagwera mudzi wace. Akatswiri poona kusamala kwace anamtenga akhale mlonda wa phirilo, ndipo anagwira nchito imeneyo zaka zambiri.

Nchito ya mlonda wotere ioneka yaing'ono, koma iri yobvuta. Tsiku liri lonse ayenera kulemba ngati utsi uli woyera kapena wakuda, ngati phiri lagunda kapena lakhala cete, kumene kwaturukira ciphalaphala catsopano, ndi kumene calunjika. Tsiku lopanda cacilendo ayenera kulembanso kuti palibe cacilendo, pakuti kukhala cete kwa phiri kuli ndi phunziro lace. Sayenera kuonjeza kanthu kuti nkhani ikome, kapena kulemba cimene angomva kwa anthu monga ngati waciona yekha. Akalemba bodza tsiku limodzi, masiku ena onse akayikidwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

M'mwezi wa Epulo 1943 phulusa linagwa kufikira ku Mexico City, ulendo woposa makilomita 300. Pafupi ndi phiri usana unada ngati madzulo, ndipo madenga anathyoka ndi kulemera kwa phulusalo. M'mwezi wa Juni anthu a ku Parícutin anasiya mudzi wao, boma niliwapatsa malo ku Caltzontzin, pafupi ndi mzinda wa Uruapan. Dionisio Pulido anapita nao, wopanda munda.

Anthu a ku San Juan anakana kucoka. Makolo ao anagona m'manda a pomwepo, ndipo anali ndi chalici cacikuru ca miyala cimene anacikonda. Koma ciphalaphala cinadza, cosafulumira ndi cosaima, khoma lakuda la miyala yogubuduka, lofiira m'kati. Popeza mayendedwe ace anayesedwa, anthu anacenjezedwa nthawi ikalipo. M'mwezi wa Meyi 1944 ananyamuka ulendo, nakamanga mudzi watsopano, umene lero uchedwa Nuevo San Juan. Ambiri anaphwasula nyumba zao za matabwa, nasenza matabwawo pa ngolo ndi pa nyama. Patapita masabata owerengeka ciphalaphala cinalowa m'mudzi wakale, nicikwirira miseu ndi mabwalo. Celedonio anaona mudzi wobadwira ulikutha, ndipo analemba zimenezonso.

Akatswiri ena anabwera kudzapenya zamoyo. William Burt anafufuza za nyama, ndi Willis Eggler za zomera. Kumene phulusa linaunjikana kwambiri, udzu unakwiririka, mitengo ya paini niuma. Udzu utatha, akalulu ndi agwape anasowa cakudya, nafa kapena kuthawa. Ndipo zitacoka izo, nyama zodya zinzao zinasowanso podalira. Ng'ombe ndi akavalo ambiri anafa ndi kupuma phulusa ndi kudya msipu wa mcenga. Potero kunaoneka poyera kuti zamoyo ziri ngati ukonde: ukadula cingwe cimodzi, mfundo zambiri zimasuka. Koma kutali, kumene phulusa linagwa lopyapyala, silinaononga minda. Linasunga cinyezi m'nthaka, mbeu nizikula bwino.

Katswiri wina, Kenneth Segerstrom, anatsata njira ya madzi. Mvula ikagwa pa nkhalango, masamba ndi mizu zimaigwira, madzi nalowa pansi pang'ono pang'ono, nakaturukira pa akasupe. Koma pa mapiri obvala phulusa, opanda udzu, madzi anathamanga pamtunda, nakumba zigwembe zakuya, nasanduka matope olemera. Matopewo anatsikira m'mitsinje kufikira ku cigwa ca Los Reyes, nakwirira ngalande zothirira minda ya nzimbe. Anthu a kumeneko ciphalaphala sicinawafikira, koma tsoka la phirilo linawapeza podzera m'madzi. Cimeneci cicitika ngakhale kumene kulibe phiri la moto. Phiri liri lonse likabvulidwa mitengo ndi nkhwangwa kapena ndi moto wa chire, mvula imakokolola nthaka yace momwemo, ndipo a kunsi kwa mtsinje ndiwo alira.

Kuciyambi kwa caka ca 1952 phiri linaleka, litaphulika zaka 9. Msinkhu wace unafika mamita 424 kucokera pa munda wa Dionisio, ndipo ciphalaphala cinakwirira dziko lokwana ngati masikweya kilomita 25. Midzi iwiri inatha, ndi anthu zikwi anasamuka. Amuna ambiri otaya minda anapita kukagwira nchito ku United States, monga amuna a kuno anali kupita ku migodi ya ku Johannesburg. Koma ciphalaphala sicinapha munthu ndi mmodzi yense. Atatu okha anafa ndi mphezi zobadwa m'mtambo wa phulusa.

Moyo unabwerera pang'ono pang'ono. Poyamba panamera ndere pa miyala, ndi tizomera tating'ono m'ming'alu ya cinyezi. Pambuyo pace udzu ndi zitsamba, ndipo potsata izo tizirombo ndi mbalame. Lero alendo amakwera pa akavalo kucokera m'mudzi wa Angahuan kukaona nsanja ya chalici ca San Juan, imene iima yokha pakati pa miyala yakuda.

Kunali kuyamba kuti akatswiri aone moyo wonse wa phiri la mtundu umenewu, kubadwa kwace, kukula kwace ndi kufa kwace. Mapiri otere amaphulika nyengo imodzi yokha, ndipo moto ukadzabweranso uboola pena. M'dera lomwelo muli timapiri totere toposa 1,000, ndipo lina, lochedwa Jorullo, linabadwa m'caka ca 1759. Cifukwa cace zolembedwa za Parícutin zisungidwa bwino, kuti tsiku limene nthaka idzagundanso pansi pa munda wa munthu wina, anthu adzadziwe msanga cimene cirinkudza, ndi nthawi imene ali nayo ya kuthawa. M'makalata a akatswiri onena za macitidwe a phirilo, dzina la Celedonio Gutiérrez linasindikizidwa pamodzi ndi maina a Ray Wilcox ndi Carl Fries, anthu ophunzira kwambiri. Pakuti popanda maso ace masiku ambiri a phirilo akadapita osadziwika.

Mudzi wanu ulibe phiri la moto, koma uli nazo zambiri zofuna mlonda. Ndani adziwa tsiku limene mvula yoyamba inagwa caka catha, ndi caka cinaco? Ndani anayesa ndi ndodo madzi a pa citsime mwezi ndi mwezi, kuti adziwe ngati alinkucepa? Ndani analemba mwezi umene anamzeze afika, kapena caka cimene kasupe wa kuphiri anaphwa? Akuru akumbukira zina, koma cikumbukiro cimatha pamodzi ndi mwini wace. Mwana wokhala ndi pensulo ndi kabuku akhoza kuyamba mawa: aike citini pabwalo poyera, ayese madzi a mvula m'mawa muli monse, nalembe tsiku ndi muyeso wace, osadumpha ndi osanama. Celedonio anayamba ndi zomwezo, maso awiri ndi buku limodzi.