Njiwa ya mu Mkuyu

Kuseri kwa nyumba ina ku Chimwemwe, mu Kitwe, kuli mtengo waukulu wa mkuyu. Pa nyumbayo pamakhala mnyamata wa Giredi 3 ndi ambuye ake.

Tsiku lina m'mawa, mnyamatayo anamva nkhuyu zikugwera pa malata. Pho! Pho! Anayang'ana kumwamba koma anaona masamba okhaokha. Kenaka tsamba lina linayamba kuyenda!

Silinali tsamba ai. Inali njiwa yobiriwira. Nthenga za m'miyendo mwake zinali zacikasu. Mlomo wake unali wofiira, koma kunsonga woyera. Njiwayo inalendewera cadodolido pa nthambi, ndi kuthyola nkhuyu yakupsa.

Mnyamatayo anathamangira legeni yake. Anali atalakalaka ndiwo ya nyama kwa masiku ambiri.

"Iwe, taima!" anatero ambuye. "Ona bwino pa mphanda paja."

Pa mphandapo panali cisa ca timitengo towerengeka cabe. Cinali copyapyala kwambiri, moti dzira loyera linali kuonekera pansi. Kunena zoona, njiwa si katswiri womanga.

"Ambuye, nanga bwanji siitsika kudzadya gaga monga njiwa zina?"

"Iyi ndi ya m'mwamba, mdzukulu wanga. Cakudya cake ndi zipatso. Kumene nkhuyu zapsa, ndiko ipita. Zikatha, iuluka kukafuna mkuyu wina, mwina m'mbali mwa Kafue, mwina ku Ndola m'mbali mwa Kafubu."

Ambuye anamuonetsa kamkuyu kamene kanamera pa mng'alu wa cipupa. Palibe munthu anakabzala. Njiwa ikadya nkhuyu, timbewu timatuluka pamodzi ndi zitosi zake, ndipo timamera pamene tagwera. Mitengo yambiri yozungulira Kitwe ndi Ndola inadulidwa ndi kuochedwa makala, motero mkuyu uliwonse wotsala ndi nkhokwe ya mbalamezi.

Njiwa imeneyi imaikira dzira limodzi kapena awiri. Yaimuna ndi yaikazi zimasinthana kufungatira kwa milungu pafupifupi iwiri. Imodzi ikaphedwa, inzake siingakwanitse nchitoyo yokha.

Mnyamatayo anayang'ana legeni, nayang'ananso dzira lija. M'mimba munali kulira ndithu. Anabweza mwala m'thumba.

Madzulo anadya nsima ndi cibwabwa. Atatha kudya, anatenga khala ndi kulemba mzere umodzi pa cipupa.

"Ambuye, kwatsala masiku angati kuti liswe?"