Sikelo Inatinamiza

"Mwanenepatu amalume, mpunga wa chaka chino wakukondani!" Awa ndiwo anali malonje anga nditafika kwathu ku Hara, m'boma la Karonga, pa Khirisimasi ya 2017. Masaya anali phwii, nsapato zikukana kulowa. Tonse tinaseka. Mpaka lero ndimachita manyazi ndi nthabwala imeneyo, pakuti sikunali kunenepa ayi. Impso zawo zinali zitatopa ndi BP ya zaka zambiri, ndipo madzi oyenera kutuluka ngati mkodzo ankangodikha m'thupi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nthawi imeneyo makina a boma osefera magazi, aja amati dialysis, ankapezeka ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre basi. Choncho mu 2018 amalume anasiya munda, tinakwera mapiri a Chiweta, ulendo wa makilomita oposa 500, n'kudzakhala nane ku Lilongwe. Kawiri pa sabata ankagona maola anayi, magazi akuzungulira m'timapaipi.

Asanalumikizidwe ankayamba akwera sikelo. Namwino amadziwa kulemera kwa wodwala pamene alibe madzi owonjezera, ndipo chilichonse choposa pamenepo n'chimene makina amachotsa. Akachotsa ochepa, madzi amathamangira kumapapo n'kulemetsa mtima. Akachotsa ambiri, BP imagwa, chizungulire ndi kukokana kwa minofu zimabwera.

Miyezi inapita sikelo ikunena chimodzimodzi: makilogalamu 62. Ife tinkati zikuyenda. Koma usiku amalume ankagona chokhala, akupuma ngati akwera phiri.

Tsiku lina dokotala anabwera ndi kabokosi ka mawaya. Anawagoneka chagada, n'kumata tizigamba tiwiri padzanja, tiwiri paphazi.

"Mukufuna kundiwotcha ndi magetsi, adokotala?"

"Simumva kanthu, bambo," anatero akumwetulira.

Anatifotokozera kuti njirayi amaitcha bioimpedance. Kamphamvu kochepetsetsa ka magetsi kamadutsa m'thupi. M'madzi a mchere kamayenda mosavuta, koma m'mafuta kamavutika. Kabokosiko kamayeza kuvutikako, n'kuwerengera kuti madzi ndi ochuluka bwanji, mnofu ndi wochuluka bwanji.

Sipanathe mphindi zitatu, yankho linatuluka: malita atatu owonjezera. Amalume anali akuwonda chifukwa chakudya sichinkalowa, ndipo malo a mnofu wothawo madzi ndiwo ankatenga. Sikelo imangodziwa kulemera. Siifunsa kuti cholemeracho n'chiyani.

Anayamba kuwachotsa madziwo pang'onopang'ono. Patatha masabata atatu anagona chogona, mkonono uli gwaa, ine n'kumaumvetsera ngati nyimbo. Koma atadziona pagalasi anadandaula.

"Mphwanga, kumudzi akandiona chonchi, sakanena kuti ukundimana chakudya?"

Anakhala nafe zaka zina ziwiri. Munthu wokulira m'mbali mwa nyanja ankamwa madzi oyeza pakapu. Nthochi za mbalagha anawaletsa, usipa wouma wa mchere anawaletsa. Anapirira, ngakhale Hara sanaionenso ndi maso.

Tsono inu anzanga, mukapita kumudzi n'kupeza mayi kapena amalume "atanenepa" mwadzidzidzi, musathamangire kuyamika. Dinani chala pamsongolo pawo. Pakatsala dzenje, pitani nawo kuchipatala akayezedwe BP, shuga ndi mkodzo. Ine ndinaseka m'malo modina, ndipo tinachedwa miyezi itatu.