Kalata kwa Mwana Wonyamuka ndi Pikiapu: Za Oyilo wa m'Giyabokosi

Mwana wanga wokondedwa,

Giyabokosi ya pikiapu yosintha magiya ndi dzanja ili ndi oyilo wakewake, wosiyana ndi wa mu injini, ndipo eni galimoto ambiri amamukumbukira tsiku limene giya yachiwiri yayamba kukana kulowa. Amaiwalika chifukwa sadzionetsa. Giyabokosi yotere ilibe kandodo koyezera, ilibe nyale yochenjeza pamaso pa dalaivala, ndipo kawirikawiri ilibe pampu kapena sefa. Magiya am'munsi amamira m'oyilo, akamazungulira amamuwaza m'mwamba, ndipo madontho owazikawo ndi amene amafika ku mabeyaringi ndi ku mano a magiya ena. Oyilo akachepa, zitsulo zam'mwamba zimayamba kuuma mwakachetechete galimoto ikuyendabe.

Pa botolo lililonse la oyilo wa magiya pamalembedwa zizindikiro ziwiri, ndipo wogula ayenera kuwerenga zonse. Choyamba ndi cha SAE, monga 75W-90 kapena 80W-90, chimene chimanena kulimba kwa oyilo. Nambala yokhala ndi W imasonyeza mmene oyilo amayendera akazizira, yachiwiriyo mmene amakhalira akatentha. Manambalawa amanyenga anthu ambiri. Wina akaona 90 amaganiza kuti oyiloyo ndi wolimba kuwirikiza kawiri kuposa wa injini wa 40, pamene miyeso yake ndi yosiyana: wa magiya wa 75W-90 kulimba kwake n'kofanana pafupifupi ndi wa injini wa 10W-40. Palinso chikhulupiriro cha m'magalaja ena chakuti giyabokosi yokalamba ikayamba kulira imafuna oyilo wolimba kwambiri, monga 85W-140. Phokoso limachepadi, koma beyaringi yodyeka imakhala yodyekabe, ndipo m'mawa wa mwezi wa June, chisanu chili pamsana, dzanja limalimbana ndi ndodo ya magiya mpaka galimoto itatentha.

Chizindikiro chachiwiri ndi cha API, bungwe la ku America loona za mafuta, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Mitundu yofala ndi GL-4 ndi GL-5. Yonse iwiri ili ndi mankhwala a sulufule ndi fosiforasi, amene amapanga kachikopa kopyapyala pa mano a magiya kuti zitsulo zisadyane zikapanikizana. Mankhwala amenewa ndiwo amapatsa oyilo wa magiya fungo lake loipa lija. Mu GL-5 amakhala ochuluka pafupifupi kawiri, chifukwa anapangidwira difu, kumene mano amakhulana mwamphamvu kwambiri. Nambala 5 sikutanthauza kuti ndi wabwino kuposa 4; ntchito zawo n'zosiyana. M'giyabokosi muli mphete za synchro, zambiri zopangidwa ndi mkuwa, zimene ntchito yake ndi kugwira giya ndi kuifananitsa liwiro ndi inzake zisanalumane. Mphetezi zimafuna kukhulana pang'ono kuti zigwire. Oyilo woterera mopitirira muyeso amazilepheretsa, giya n'kumalowa mogaya, ndipo mitundu ina ya GL-5 imadya mkuwawo ikatentha. Choncho giyabokosi imene buku lake likuti GL-4 ipatsidwe GL-4, ngakhale wogulitsa atanena kuti GL-5 ndiye wamphamvu. Mphete imodzi ndi kanthu kakang'ono, koma kuti isinthidwe giyabokosi yonse iyenera kutsitsidwa ndi kumasulidwa.

Opanga galimoto sagwirizana pa nkhaniyi, n'chifukwa chake mawu a mnansi sangalowe m'malo mwa buku la galimoto. Ma Toyota Hilux akale a magiya asanu amalola 75W-90 wa GL-4 kapena GL-5. Nissan Hardbody imafuna GL-4. Magiyabokosi ena a Isuzu KB amathiridwa oyilo wa injini, pamene Ford Ranger yakale ya ku America, ya giyabokosi ya M5OD, imathiridwa ATF, oyilo wofiira uja wa galimoto za otomatiki. Pikiapu zambiri za kuno zinagulidwa zitagwira kale ntchito kwina ndipo buku lake linatayika. Zikatero, nambala ya chasisi ikaperekedwa kwa ogulitsa galimoto za mtunduwo, iwo amatha kunena oyilo woyenera. Agulidwe wa m'botolo lomata, losatsegulidwa. Wa m'mabotolo othiridwa kuchokera mu diramu, wopanda dzina, palibe angatsimikize mtundu wake.

Za nthawi yosinthira, mabuku amasiyana, koma pikiapu yonyamula matumba a chimanga kapena matola m'misewu yafumbi ndi yokwera mapiri ili m'gulu la ntchito yakalavulagaga, ndipo makilomita 40,000 ndi malire anzeru. Nyengo ya dzinja ili ndi lamulo lake. Pamwamba pa giyabokosi pali kabowo kopumira. Galimoto yotentha ikawoloka mtsinje madzi atafika m'mimba mwake, chitsulo chimazizira mwadzidzidzi n'kuyamwa madzi kudzera pamenepo. Oyilo wotere amasinthidwa msanga, ngakhale atathiridwa mwezi watha.

Ntchito yeniyeni imayamba ndi kuyendetsa galimoto mphindi 10 kapena 15 kuti oyilo afunde, atuluke mosavuta pamodzi ndi zinyalala zake. Galimoto iime pamalo athyathyathya, chifukwa ikapendekeka muyeso umanama. Handibuleki ikokedwe, miyala kapena zipika ziikidwe kumatayala. Pikiapu zambiri n'zazitali mokwanira kuti munthu akwawire pansi osazikweza, koma ngati kukweza kukufunika, munthu asalowe pansi pa galimoto yotsamira pa jeke yekha. Jeke amatha kugwa osachenjeza, ndipo pikiapu zambiri zimalemera kuposa tani imodzi.

Giyabokosi ili ndi zotsekera ziwiri: chothirira chili m'mbali, chapakatikati, ndipo chokhuthulira chili pansi. Choyamba kumasulidwa ndi chothirira, nthawi zonse. Amene wayamba ndi chapansi, oyilo n'kutuluka yense, kenako n'kupeza kuti cham'mbali chakakamira kapena mutu wake waperepeseka, amatsala ndi galimoto yosayenda ngakhale kupita kugalaja. Dothi lozungulira zotsekerazo lipukutidwe kaye kuti lisagwere m'kati. Pa ma Hilux ambiri akale sipanala yake ndi ya 24, ndipo soketi ya ngodya zisanu ndi imodzi imagwira bwino kuposa sipanala yotseguka kukamwa.

Oyilo wakale amasimba za moyo wa giyabokosi, ndiye asatayidwe asanayang'anidwe padzuwa. Wakuda chabe ndi wokalamba basi. Wooneka ngati tiyi wamkaka walowa madzi. Wonyezimira ngati golide akusonyeza kuti mphete za mkuwa zija zikudyeka. Zotsekera zapansi zambiri zili ndi maginito: phala lotuwa losalala lomatirira pamenepo n'lachibadwa, koma tizidutswa tachitsulo tomveka pakati pa zala n'chizindikiro chakuti makaniko wodziwa magiyabokosi aione galimotoyo ulendo wautali usanayambike.

Oyilo akasiya kudontha, maginito apukutidwe, washa watsopano aikidwe, chotsekera chiyambe kupotedwa ndi dzanja kuti mazinga asapingasane. Bokosi la magiyabokosi ambiri ndi la aluminiyamu, chitsulo chofewa, ndipo kumanga ndi mphamvu zonse kumathyola mazinga. Pa ma Toyota akale muyeso wake ndi 37 Nm, kutanthauza kulimbitsa ndi dzanja limodzi, osati kuponda ndi phazi. Oyilo watsopano amalowa ndi kapampu kamanja, kapena ndi paipi yopyapyala yolumikizidwa ku fanelo yogwiridwa m'mwamba. Amayenda pang'onopang'ono, ndipo botolo likaikidwa padzuwa kaye ntchito imafulumirako. Pikiapu zambiri zimamwa malita 2 mpaka 3, koma muyeso woona ndi bowo lothirira lenilenilo: oyilo akayamba kubwerera pakamwa pake, wakwana. Wopitirira pamenepo amachita thovu, amatentha, n'kuyamba kutulukira m'masilo.

Pikiapu ya 4x4 ili ndi bokosi lina kumbuyo kwa giyabokosi, logawira mphamvu ku matayala akutsogolo, ndipo lili ndi zotsekera zakezake ndi oyilo wakewake. Kudzaza limodzi sikudzaza linzake. Pomaliza galimoto iyende pang'ono, magiya onse ayesedwe pamodzi ndi livesi, kenako pansi payang'anidwe ngati pali podontha. Oyilo wakale atsekeredwe m'chigubu n'kuperekedwa kugalaja yosonkhanitsa oyilo wotere, asathiridwe m'ngalande, m'dzenje la zinyalala kapena pafupi ndi chitsime. Tsiku, makilomita ndi mtundu wa oyilo zilembedwe m'kabuku kokhala m'galimoto momwemo.

Ndine bambo ako.