Utsi wa ku Kwinana ndi thumba la fetereza

Ife amene tinakulira kumudzi, fetereza tinkangomudziwa ngati thumba la makilogalamu 50 lobwera pa njinga mvula ikayandikira. Kumene amapangidwa sitinkafunsa. Mpaka lero, ikafika Okotobala, ambiri a ife kuno ku Perth timadzimana kuti titumize ya matumba awiri kumudzi.

Koma tikalowera kummwera kwa mzinda uno, ku Kwinana, timaona ndi maso athu fakitale ya CSBP, kumene amapanga fetereza komanso ammonium nitrate yophulitsira miyala m'migodi. Ili m'mphepete mwa nyanja, pa Cockburn Sound.

Malowa ali ndi mbiri yowawa. Mafakitale atayamba kumangidwa m'zaka za m'ma 1950, madzi oipa ankathiridwa m'nyanja. Pofika m'ma 1970, udzu wambiri wa pansi pa madzi, momwe nsomba zimaswana, unali utafa. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka: kufikira lero udzuwo sunabwerere monga kale.

Komabe anthu anaphunzirapo. Mu 2004 anatsegula malo oyeretsera madzi a zonyansa a mumzinda kuti mafakitale azigwiritsa ntchito amenewo m'malo mwa madzi akumwa. Nayo CSBP inaika zida zapadera m'makina opangira nitric acid. Zidazi zimaphwanya mpweya wa nitrous oxide, umene umatenthetsa dziko kuposa carbon dioxide maulendo oposa 250, n'kuusandutsa nayitrojeni ndi okosijeni, mpweya womwe timapuma tsiku ndi tsiku. Fakitale sinatsekedwe, anangoikonza.

Si onse anapulumuka. Malo oyengera mafuta a BP, amene anatsegulidwa mu 1955, anasiya kuyenga mu 2021, ndipo mazana a anthu ntchito zinawathera.

Kwathu fetereza amachokera kunja, kudzera ku Beira ndi Nacala, n'chifukwa chake mtengo wake umatiliza chaka ndi chaka. Tonse timalakalaka fakitale yathuyathu. Koma tsiku limene idzamangidwe, madzi ake adzapita kuti? Mu Shire? M'nyanja ya chambo chathu?

Ndiye inu ana athu amene mukuphunzira uinjiniya ku Curtin ndi ku UWA, mukamadutsa ku Kwinana musamangotseka mphuno. Funsani, onetsetsani, lembani. Kumudzi akudikira zoposa ndalama ya matumba awiri.